Nachifuwa Wakwera Yekha

Ku shedi ya sitima ankawatchula kuti a Makutu, chifukwa injini ikangolira, iwo ankapendeketsa mutu n'kukuuza chomwe chikuivuta makaniko asanatsegule n'komwe bokosi la masipanala. Ntchito anaiyamba akulumikiza mabogi, kenako anakhala wothandizira dalaivala, ndipo zaka makumi awiri ndi zitatu zotsatira anazithera pa mutu wa sitima umodzi wokha, wokoka katundu. Mutuwo anaupatsa dzina loti Nachifuwa, poti m'mawa usanadzuke unkayamba watsokomola katatu, utsi wakuda uli tolotolo.

Madalaivala anzawo ankamuthawa Nachifuwa. Ankadontha oyilo, mpando wake unali zigamba zokhazokha, ndipo pa chitunda chachitali cha kutsidya kwa mlatho, mame akagwa pa njanji, magudumu ake ankangozungulira pamodzimodzi. Apa ndi pomwe a Makutu ankadyera ulemu. Pambali pa mpando panali kachitsulo kotsegulira mchenga kuti uthirike pa njanji, magudumu agwire, ndipo iwo ankadziwa nthawi yeniyeni yokakokera. Ukafulumira, mchenga ukuthera panjira. Ukachedwa, sitima yaima kale. Mchenga wa kampani sankaukhulupirira, ati umakhala ndi timiyala. Ankauyanika okha, n'kuusefa ndi sefa ya akazi awo, yomwe anaibwereka Loweruka lina ana adakali aang'ono, osaibwezanso.

Akamafika kunyumba ovololo ili girizi yekhayekha, akazi awo ankawalandira ndi funso limodzimodzi: "Mkazi mnzanga waswera bwanji lero?" A Makutu ankaseka n'kuyankha mwatsatanetsatane, poyesa kuti afunsidwa zoona.

Ndiye kampani inaganiza zokonzanso mitu yakale m'malo mogula yatsopano. Nachifuwa anamukoka kupita naye ku fakitale yakutali, komwe anakam'phwasula mpaka kutsala mafupa okha. Miyezi khumi ndi umodzi a Makutu anaithera pa kamutu kakang'ono kosuntha mabogi m'yadi, kupita uku, kubwerera uku, ngati nkhuku yomangidwa mwendo. Sankadandaula. Ankauza aliyense kuti mayiyo, Nachifuwa, akabwera adzafuna mwini wake.

Anabwera Lachiwiri lina masana, ndipo shedi yonse inasiya ntchito. Penti waliwali, injini yatsopano, m'kati muli mphepo yozizira ndi kagalasi ka kompyuta konena chilichonse. A Makutu anamuzungulira kawiri, anapeza kachipsera kakale pansi pa chitseko komwe penti inalephera kubisa, n'kukasisita ndi chala. Kenako anapita pa bolodi la ntchito kukaona dzina lawo, koma silinalipo. Panali dzina la alamu awo.

Alamuwo anali mchimwene wamng'ono wa akazi awo. Anawalowetsa ntchito ndi a Makutu omwewo, ndipo ngakhale kuliza hutala anawaphunzitsa ndi iwo. Koma munthuyo anapita ku maphunziro a kompyuta a masabata atatu, pomwe a Makutu anakana, ati khutu silifuna satifiketi. Masabata atatu anagwetsa zaka makumi awiri ndi zitatu.

Tisabise, nsanje inawagwira, nsanje yeniyeni yowondetsa munthu. Ankadutsa pa Nachifuwa kasanu pa tsiku ngati akufuna sipanala yotayika. Ataona kuti alamu ayala kamkeka kopukutira mapazi pakhomo pa Nachifuwa, chakudya chinawakanika. M'mawa ankaima patali kudikira chifuwa chija, koma injini inkangodzuka mwaulemu, osatsokomola ngakhale kamodzi, ndipo zinkawapweteka ngati wawakana moni. Pa nthawi ya tiyi ankauza aliyense kuti penti sikoka katundu, tidikire mame. Mumtima ankafunitsitsa kuti Nachifuwa akaime pakati pa chitunda, mabogi makumi anayi ali kumbuyo, anthu athamange kudzawaitana. Ankadziwa kuti ndi maganizo oipa, koma ankawakomera.

Mwayi unabwera wokha. Kapitawo anati pa ulendo woyamba wonyamula katundu wodzaza, a Makutu akwere nawo monga wodziwa njira. Iwo anavomera ngati sakufuna, koma madzulo ake anasefa thumba lonse la mchenga. M'mawa analikweza m'sitima.

Mame anagwa ndithu tsikulo, njanji zili nyezinyezi. Atawoloka mlatho, a Makutu anaimirira kumbuyo kwa mpando n'kupendeketsa mutu. Chitunda chinayamba. Pakati pake anamva kamawu kaja komwe ankakadziwa kuposa mawu a ana awo, gudumu lakutsogolo likuyamba kuterereka. Mtima unadumpha ndi chimwemwe. Dzanja linapita lokha pa kachitsulo kaja, koma linakagwira chopanda kanthu, pakuti pamalopo anaikapo choikira kapu. Dzanjalo lisanabwerere n'komwe, pansi panamveka mchenga ukuthirika wokha, wa muyeso wake, pa nthawi yake. Magudumu anagwira. Nachifuwa anakwera chitunda chonse osasintha n'komwe mawu.

"Amadzithirira yekha tsopano, alamu," anatero mchimwene wa akazi awo, mofatsa. "Khalani pansi mupumeko, mwam'vutikira mokwana."

Akanawanyoza bwenzi zili bwino, akanapeza poyankhira. Koma munthuyo ananena mwachifundo, mpaka kuwathirira tiyi wa m'fulasiki. A Makutu anakhala pa thumba lawo la mchenga mpaka ulendo unatha.

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo, ovololo ili yoyera kwa nthawi yoyamba, sefa ili m'manja. Akazi awo anali pakhonde akusoka batani la malaya. Anayang'ana ovololo, anayang'ana sefa, ndipo funso lija sanalifunse. A Makutu anafotokoza okha kuti Nachifuwa wakwera yekha chitunda, sanawafune ngakhale pang'ono, zaka zonsezi ngati sanakhaleko. Anayembekezera kuti awapepesa.

Mayiwo analuma ulusi n'kuudula. Anati akumva, ndipo akudziwa bwino mmene zimawawira munthu ukamayang'ana wako akusangalala ndi wina.

"Inetu chitunda changa ndinakwera ndekha, ndi ana anayi kumbuyo," anatero. "Mame ankagwa kunonso, bambo. Simunabwere kudzandithirira mchenga."

A Makutu anatambasula dzanja kupereka sefa ija, waya wake utachita dzimbiri, mbali imodzi atamanga ndi chingwe. Akazi awo sanailandire. Anati anagula ina kalekale, mwana wachiwiri asanayambe sukulu, ndipo nayonso inatha, yomwe ili m'khitchinimo ndi yachitatu.

Kutali kunamveka hutala wa Nachifuwa akutuluka m'yadi, ndipo mutu wa a Makutu unayamba kupendekera komweko mwachizolowezi. Anaubweza. Anakhala pansi pakhondepo, sefa ili pamiyendo, n'kufunsa akazi awo kuti aswera bwanji.