Nkhafi Imene Alamu Anaiwala

Tili m'bwato, ine, ana anga awiri ndi alamu anga, aja anabwera ndi lole kudzasesa katundu m'nyumba mwamuna wanga atangoikidwa m'manda. Nyanja ikatha tikusenza bwato, kudutsa m'tchire, n'kupeza nyanja ina. Kulibe mudzi, kulibe ndi utsi womwe. Alamu sakupalasa nawo. Akhala kutsogolo pa sofa yanga, atavala jekete ya malemu, manja ake akuwapitirira zala.

"Palasani, mlamu," akutero. "Madzi onsewa ndi a kwathu."

Tikukocheza pachilumba cha bango kuti tigonepo. Ndikukhoma tenti, koma tentiyo ndi makatani a kuchipinda kwanga. M'madzi mbale zanga zikusambira ngati nsomba, ndipo pansi penipeni makina anga osokera akusoka mchenga okha.

Alamu atsika kuti akawanyamule. Matope awagwira m'mawondo, kenako m'chiuno. Jekete yavuka yokha, yasambira, yadzakhala pambali panga.

"Mlamu, ndipatseni nkhafi ndigwire! Si ine m'bale wanu kodi?"

Mwana wanga wamkazi akundikoka chitenje. "Amayi, tiwasiya?"

Ndikuwatambasulira nkhafi mpaka zala zawo zaikhudza, kenako ndikuibweza pang'onopang'ono.

"Iyi munaiiwala tsiku lija," ndikuwauza. "Ndi yanga."

Ndikukankha bwato. Manja a jekete agwira nkhafi pamodzi ndi anga, tikupalasa.

Ndadzuka pamkeka, pamene kale panali bedi, mapewa akuwawa. Ndatsinzinanso mwamsanga, kuti mwina ndikawapeza alamu akadali kukuwa m'matope muja.