Thobwa la Amayi Litasasa

Ku koleji ndinakhalako chaka chimodzi, aphunzitsi n'kuona kuti nzeru zandikwanira. Ndinabwerera kwathu kwa Mwambo mbande za mpunga za amayi zitakula, madzi akukwera m'dambo. Tikanachedwa kuwokera sabata ina, chaka chimenecho tikanadya nkhani.

Kwathu mpunga tinkawokera mothandizana: mwini munda ankaphika thobwa, amuna a mudzi wonse n'kulowa m'matope. Amayi anaphika mbiya ziwiri. Kunabwera nkhalamba zitatu, ndipo ndichitire umboni kuti pa mbiyazo zinagwira ntchito modzipereka.

Amuna anali ku Blantyre. Anayamba ndi amalume, atalembedwa pa fakitale ya nsalu. Iwo anaitana mlamu wawo, mlamuyo anaitana mng'ono wake. Mafakitale kumeneko anandandalika ngati mabwato padoko, moti akakukana pageti la nsalu, unkangosendera pageti la sopo. Kumudzi kunkabwera malata ndi mawailesi. Koma wailesi siwokera mpunga.

"Iwe wasukulu," anatero amayi, "sukulu yakoyo ikuthandizeko kukwera basi. Ukawauze amalume ako kuti thobwa lasasa."

Ndinakawapeza ku Ndirande, mudzi wathu wonse uli m'tinyumba toyang'anizana, ukukangana za malire a minda imene sunaione chaka chathunthu.

"Achemwali akuti bwanji?" anafunsa amalume.

"Akuti thobwa lasasa."

"Basi?"

"Basi, amalume."

Anavula chipewa n'kukanda m'mutu. "Anyamata, tatukwanidwa."

Loweruka m'mawa lole yobwereka inaima m'mphepete mwa dambo, amuna n'kutsika atavala maovolosi ndi majombo. Majombowo matope a Chilwa anawalanda limodzilimodzi. Amalume ankayang'ana wotchi pafupipafupi, kudikira belu la nkhomaliro. Koma wina atayambitsa nyimbo yowokerera, misana inakumbukira ntchito yake. Mpaka lero ndikamva fungo la thobwa losasa ndimaona amuna aja, matope mpaka m'mawondo, akusekana za mimba za m'tauni.

Dzuwa likupendeka, munda unatha. Amayi anauzungulira, n'kunena kuti mizere yakhota. Kumeneko kunali kuthokoza.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, lole inanyamuka ndi munthu mmodzi woonjezera. Amalume anali atamva kuti ku fakitale ya sopo akufuna kalaliki wodziwa Chingerezi. Amayi anandimangira matemba m'pepala.

Chaka chotsatira anaphika mbiya imodzi, n'kuwokera theka la munda.