Pamene Ankakhala Mayi

Apongozi anga aamuna anali mmisiri wowongola magalimoto, ndipo chinthu chokhota sankafuna kuchiona. Ngakhale supuni yopindika ankainyamula patebulo n'kupita nayo kugalaja. Koma kagalimoto kawo komwe, kofiira, ka mipando iwiri, kamene anagula kali chiphakasa asanakwatire, bampala yake yakumbuyo inkalendewera kumanzere chaka ndi chaka.

Olakwa anali mayi, akazi awo. Masana aliwonse ankabweretsa tiyi kugalajako n'kukhala pabampalapo.

"Mayi a ana, mpando si uwo?" ankadandaula bambo.

"Mpando wanuwo ndi girizi yekhayekha. Ine ndikhala pompano."

Zitsulo ziwiri zogwira bampalayo zinali zopyapyala, zodyeka ndi dzimbiri. Zikapindika, bambo ankamasula mabawuti, kuziwongola ndi hamala uku akung'ung'udza, n'kuzibwezera pomwepo. Anachita zimenezi zaka makumi atatu.

Mayi atamwalira, bambo anasiya kugwira hamala. Ankangolowa m'galaja, kuima kumbuyo kwa kagalimotoko, n'kutuluka. Bampala inatsala ili chilendewerere. Ine, mkamwini wofuna kuyamikiridwa, ndinangoti manja awo afooka. Tsiku lina atapita kokapimitsa maso, ndinadula zitsulo zakalezo n'kuwotcherera zina zokhuthala, zoti ngakhale ng'ombe itakhalapo sizingagonje. Zakalezo ndinaponyera m'wilibala ya munthu wotola zitsulo zakutha amene ankadutsa pamsewu. Zitsulo zokhuthalazo ndinazipeza zili mbwee pansi pa benchi lawo, koma sindinadzifunse chifukwa chimene mmisiri ngati iwo sanaziikirepo zaka zonsezi. Safunsa anadya phula, ndipo phulalo ndinadya ndine.

Atabwera ndinawaitana monyadira. Anayendetsa chikhatho pabampalapo, kuchokera kumanja mpaka kumanzere.

"Mwawongola bwino, akamwini. Nanga zakale zija?"

"Zapita ndi wa wilibala uja, bambo."

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anatembenuka n'kukhala pang'onopang'ono kumanzere kuja, pamene chitsulo chinasalala ndi nsalu za mayi. Anadzikankhira pansi kawiri, koma bampala sinagwedezeke n'komwe. 

"Inkalira iwo akakhala," anatero bambo, maso ali pansi. "Ine ndili kunsi kwa galimoto ya eni, ndinkadziwa kuti tiyi wafika. Masiku anowa ndimabwera n'kuikanikiza ndi dzanja, kuti ndingoimvako."