Kabulangete ka Kompyuta

Mayi Singano analuka majuzi kufakitale zaka makumi atatu, ndipo atapuma pantchito, manja awo anakana kupuma nawo. M'nyumba ya mwana wawo wamkazi, momwe ankakhala, chilichonse chinali chovala. Ketulo inali ndi chipewa, rimoti ya wailesi yakanema inali ndi kasokosi kake.

Mkamwini wawo, dalaivala wa basi, anatha miyezi inayi akusankha zipangizo zolumikizira kompyuta yosewerera magemu. Anagula bokosi la mabowo ambirimbiri kuti mpweya uzidutsa, n'kuikamo mafani asanu. Mayi Singano ankangoyang'ana, chifundo chitawagwira.

Posakhalitsa vuto linayamba. Gemu ikangofika pokoma, kompyutayo inkalira ngati ndege, kenako n'kuzima, thi! Mkamwini anapaka mankhwala atsopano oziziritsa purosesa, ubongo wa kompyutayo, anapemerera fumbi, anawonjezera fani ina, koma ayi ndithu. Tsiku lina atakanula chitseko chakutsogolo kwa bokosilo, anapeza kabulangete koluka bwino, kamaluwa ofiira, katatseka mabowo onse.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

"N'chifundo, bambo. Mabowo onsewo, ndiye chinthuchi mwachiikiranso mafani ochiwuzira mphepo tsiku lonse! Chikanagwidwa chibayo."

"Amayi, chinthuchi chikufa ndi kutentha!"

Mayi Singano anadzuka, n'kugunda bokosilo ndi kuseri kwa dzanja, monga amachitira pachipumi cha mdzukulu wodwala. Anapukusa mutu.

"Mwaona nokha, thupi latentha kale. Ndinachedwa kuchifunditsa."

Anakhala pansi, natola ulusi wokhuthala, n'kuyamba kuluka juzi lenileni.