Dzino la Achimwene a Khiem

Thoa wamera imvi akugwira ntchito imodzi ku Hanoi, m'dziko la Vietnam, yopezera mayina mafupa a anthu amene anafera kunkhondo. Ndi mayi wouma pakamwa, moni wake ndi kugwedeza mutu. Koma asanayatse kompyuta amayamba wafukiza lubani, poti mafupa ndi anthu.

Luso lake ndi kupanga mapulayima, tizingwe tiwiri togwira DNA uku ndi uku kuti makina achulukitse kachidutswa kapakati. Kompyuta imamupatsa mapulayima awiriawiri ambirimbiri, iye n'kumakana. Awa akumatirirana okhaokha, awa agwira za tizilombo tam'dothi, awa atalikirana. DNA ya fupa lakale imakhala yoduka ngati ulusi wofumbwa, ndipo kuyesa kulikonse kumadya fupa.

Tsiku lina kunabwera mkulu wina, Khiem, ndi dzino limodzi m'kansalu kofiira. Analifukula m'nkhalango momwe mkulu wake, Lam, anagwera. Zina zonse dothi linadya.

Thoa anapera theka, nayesa. Sipanatuluke kanthu. Zinamuwawa kwambiri. Anabwerera pakompyuta masabata angapo, akusendeza mapulayima kuti ayandikane, mpaka anapeza awiri owakhulupirira. Kenaka anaitana Khiem.

"Bambo, ndisakunamizeni. Kuti ndiyesenso, ndipera lonse lotsalali. Dzina mwina tilipeza, koma choika m'manda simukhala nacho."

"Nanga ndikalitenga chonchi?"

"Mukaika dzino osadziwa mwini wake."

Khiem anaseka mowawa. "Achimwene anali ndi mano oipa, mwanangu. Amayi ankachita kuwathamangitsa ndi mswachi. Lero dzino lomwelo ndiye liwalankhulire?" Kenaka anati, "Perani. Ndatopa kufukizira lubani munthu amene sindidziwa komwe ali."

Thoa anapera. Patapita masiku, zotsatira zinafanana ndi magazi amene Khiem anapereka. Anali Lam.

Khiem sanalire. Anapempha kabotolo komwe munali ufa wa dzinolo, ngakhale munalibe kanthu, nakakulunga m'kansalu kofiira. Thoa, amene saperekeza munthu, anamuperekeza mpaka pabasi yopita kwawo ku Nghe An. Khiem anakhala kuwindo, kabotolo kali pamiyendo. Basi isananyamuke, Thoa anamumva akunong'ona:

"Achimwene, musatsalire. Pamlatho uliwonse ndizikuuzani, tiwolokere limodzi."