Tiyi Wosungunula Mafuta

Amayi anga sanabwerere ku Majaua chifukwa cha nyemba. Ndi zimene ndakhala ndikuuza anthu kutchalitchi, kusukulu, ngakhale amalume: kuti nyemba zinauma m'munda, panalibe wozizula. Bodza limenelo. Ndinawathamangitsa ine. Ndinawalongedzera zovala ndekha, n'kuwanyamulira chikwama mpaka pokwerera shapa, ndipo galimoto itanyamuka sindinakweze mkono. Papita miyezi isanu tsopano, ndipo aka n'koyamba kuti ndizinene.

Ndiyambe ndi thupi langali, poti nkhani yonse yagona pamenepo.

Ine sindinabadwe wonenepa. Pamene ndinkaphunzira zauphunzitsi anzanga ankandiseka kuti mphepo ya m'phiri la Tumbine idzandiulutsa tsiku lina. Thupi linabwera ndi mimba. Miyezi yomaliza miyendo inatupa, mphete inakana kuchoka pachala, ndipo tsiku lochira magazi anathamanga kwambiri, tensau imene amanena ija, moti ndinakomoka. Mwana wanga wamkazi ndinamuona patapita tsiku lathunthu, ena onse atamunyamula kale. Potuluka m'chipatala, namwino wina wachikulire, wa mawu aakulu, anakhala m'mphepete mwa bedi langa.

"Purufesora, tensau yanuyi si yoseweretsa," anatero, kunditchula monga amatitchulira aphunzitsi kuno. "Muchepetse thupi, muchepetse mchere ndi mafuta. Mukapanda kutero, mwanayu adzaleredwa ndi ena."

Mawu amenewo ndinapita nawo kunyumba ngati mwana wachiwiri. Ndikamayamwitsa ndinkawamva. Mutu ukangowawa pang'ono ndinkayang'ana kamwanako n'kumaganiza kuti adzakameta tsitsi loyamba ndani, adzakaperekeza kusukulu ndani.

Amayi anali atabwera kale kudzandithandiza pa chikuta, monga zimakhalira pa mwana woyamba. Ananena kuti akhala mwezi umodzi. Mwezi unasanduka chaka, chifukwa nditabwerera kuntchito panalibe womusiyira mwana. Ine ndinkangothokoza Mulungu kuti ndili ndi mayi.

Mwana atakwanitsa miyezi itatu ndinayamba nkhondo yanga. Ndinasiya mandasi, ndinasiya buledi, ndinasiya shuga. Ndiwo zanga zinali nkhwani, chisoso, kholowa, zopanda nsinjiro, mafuta kadontho chabe. Nsima mtanda umodzi, ya mgaiwa. M'mawa uliwonse dzuwa lisanatenthe ndinkayenda wapansi kuchokera kunyumba, kudutsa pamsika, kulowera msewu wa kumalire, n'kubwerera ndili thukuta lokhalokha. Oyendetsa njinga zonyamula anthu anafika pondizolowera.

"Purufesora, mukuthamangitsa ndani? Kwerani kuno timupeze msanga!"

Ndinkaseka nawo, koma osaima. Ndinagulanso chingwe, n'kumalumpha kuseri kwa nyumba kumene aneba sangandione.

Miyezi iwiri yoyambirira zinkayenda. Kapulana yanga, chitenje chimene ndinkamanga, inayamba kuzungulira m'chiuno mpaka nsonga kufika kumbuyo. Masaya anabwerera. Popita ndi mwana kusikelo ndinkapempha kuti nanenso ndikwere, ndipo namwino uja anandigwira paphewa n'kunena kuti pitirizani.

Amayi sizinawasangalatse.

"Mkazi wa mwini kumathamanga mumsewu ngati wakuba nkhuku?" ankatero. "Thupi limeneli anzako amapita kumapemphero kukalipempha, iwe ukulitaya dala?"

Ndinkawafotokozera za magazi, za mtima, za zimene ananena namwino. Ankangoti mh, n'kupitiriza kusenda chinangwa. Ndiye tsiku lina anasintha. Nditabwera koyenda ndinapeza kapu patebulo, yovindikira ndi kambale.

"Poti watsimikiza, bola ndikuthandize," anatero. "Uwu ndi udzu wa mandimu ndi jinja. Umasungunula mafuta. Kutsekemerako ndi uchi wakwathu, si shuga wakoyo ayi."

Ndinamwa ndili ndi misozi m'maso. Kusukulu ndinauza aphunzitsi anzanga kuti mayi anga, amene sanapondeko m'kalasi, andimvetsa kuposa anthu ophunzira. Kuyambira tsiku limenelo kapu ija inkandidikira m'mawa, inkandidikiranso madzulo ndikaweruka.

Mwezi wotsatira sikelo inaima. Wotsatirawo inakwera. Inakweranso.

Sindinasinthe kalikonse, ndinawonjezera kumene. Ulendo wam'mawa ndinautalikitsa, mtanda uja ndinaudula pakati. Koma munalowa njala m'thupi mwanga imene sindinaionepo chibadwire, njala yonjenjemeretsa manja. Ndinkalimbana nayo ndi nthochi, mbatata yophika, mapapaya, koma nthochi zikafika zisanu ndi imodzi si nkhani ya chipatsonso. Kunabweranso tulo. Ana akulemba, ine mutu uli gwa padesiki. Tsiku lina ndinadzidzimuka kalasi yonse ili zii, ikundiyang'ana, choko chili m'manja.

Namwino anayang'ana sikelo, anayang'ana ine.

"Mumadya mobisa eti? Musandinamize ine, ndaona ambiri."

Ndinalumbira. Sanandikhulupirire, ndipo pang'ono ndi pang'ono nanenso ndinasiya kudzikhulupirira. Ndinayamba kudzida. Ndinkapewa galasi. Ndinafika popita kwa ansembe kukalapa tchimo la kususuka, ine munthu wodya chisoso chopanda mchere. Tensau inakweranso, anandiwonjezera mapiritsi.

Tsiku limenelo nditafika kunyumba ndinagwera pamiyendo pa amayi n'kulira ngati kamwana. Ndinawauza kuti ndikuopa kufa. Ndinawauza kuti thupi langa landiukira, kuti ndachita zonse koma likukana. Anandisisita kumutu nthawi yaitali. Kenako anadzuka, n'kubwera ndi kapu.

"Imwa tiyi wako, mwana wanga, mtima ukhale m'malo."

Pa zonse zimene zinachitika, chimene chimandibaya mpaka lero ndi chimenechi.

Sindinanene za bambo a mwana. Amakonza njinga zamoto pafupi ndi msika, munthu wofatsa, wosachuluka mawu. Iwo ndi amayi ankasunga mwambo wa mkamwini ndi apongozi monga achikale. Chaka chonse sanadyerepo m'chipinda chimodzi. Akakumana pakhomo, bambo a mwana ankapatuka n'kuyang'ana kumbali. Chinthu sankapatsirana m'manja, ankachiika pansi wina n'kutola. Akafuna kuuzana kanthu uthenga unkadzera mwa ine, ngakhale onse ali pabwalo lomwelo. Ndinkawaseka kuti ine ndi telefoni yawo. Bambo a mwanawo ndi amenenso anawoloka malire kupita ku Muloza kukandisankhira nsapato zoyendera pa kaunjika, n'kundiveka okha, kuti mapazi asamandipweteke.

Tsiku limene ndinadziwa kunali chiperoni. Ndinanyamuka monga mwa masiku onse, koma pofika pamsika mvula yamawawa ija inalimba, mphepo ikulowa m'mafupa. Ndinabwerera. Poopa kulowetsa matope pabalaza ndinazungulira kuseri, kukhomo la kukhitchini.

Amayi ndi bambo a mwana anali ataima limodzi, mitu itatsala pang'ono kugundana. Bambo a mwana atagwira kapu yanga. Amayi akuthira zamadzi zonanda, zachikasu, kuchokera m'botolo lofiirira kupita pasupuni. Supuni yoyamba. Yachiwiri.

"Latsala pang'ono," anatero amayi. "Loweruka mubweretse lina."

"Chabwino, amayi."

Choyamba chimene chinandidabwitsa si botolo. Chinali kuwaona awiriwo ali phewa ndi phewa, akulankhulana maso ndi maso ngati munthu ndi mlongo wake. Mwambo umene sankauphwanya ngakhale popatsirana mchere anauphwanya chifukwa cha ine. Kenako m'pamene ndinalizindikira botololo. Aliyense amalidziwa. Ndi sharope, mankhwala akumwa aja amagulitsa pamsika, wokhala ndi chithunzi cha mkazi wa mbina, amene atsikana amamwa kuti azidya kwambiri anenepe.

"Kuyambira liti?" ndinafunsa.

Bambo a mwana anaika kapu pansi mofulumira mpaka tiyi kutayikira. Amayi sanagwedezeke. Anatseka botolo bwinobwino, n'kupukuta supuni ndi nsonga ya kapulana.

"Kuyambira pamene misala yakoyo inayamba kuoneka pankhope."

"Amake mwana, takhalani kaye pansi," anatero bambo a mwana.

"Musandikhazike pansi! Inu munandigulira nsapato. Tsiku lomwelo munagulanso ichi?"

Anayang'ana pansi. Ndinadziwa kuti inde.

"Anthu ankayankhula," anatero motsitsa mawu. "Kuntchito kuja anzanga ankandifunsa kuti kodi mlamu wathu watani, akutha bwanji chonchi, kodi munakayezetsa. Wina anachita kunena kuti ngati zikukuvuta kudyetsa mkazi unene tikuthandize. Ndikanayankha chiyani?"

"Mukanayankha kuti mkazi wanga akufuna kukhala ndi moyo!"

Ndinatembenukira kwa amayi. Ndinawakumbutsa kuti ndinakomoka pobereka iwo ali panja pa chitseko. Ndinawakumbutsa tsiku limene ndinalira pamiyendo pawo. Ndinati namwino ananena kuti thupi limeneli lindipha.

"Namwinoyo ndi amene anakubereka?" anatero. "Wonenepa ndani amene unamuona akufa? Ine ndinaika kale mwana mmodzi m'manda ali ngati bango. Wachiwiri ayi. Undide, koma wachiwiri ayi."

Ankanena mkulu wanga. Anamwalira ine ndili wamng'ono, ndi matenda aja amene nthawi imeneyo anthu sankawatchula dzina. Anayamba ndi kuonda. Ndimakumbukira amayi akumunyamula ngati mtolo wa udzu kupita naye padzuwa, ndi azimayi a m'mudzi akumuyeza ndi maso podutsa. Kwathu sitimamutchula. Tsiku limenelo kanali koyamba kumva amayi akumunena.

Ndikanakonda kulemba kuti mawu amenewo anandifewetsa. Sanandifewetse. Ndinangoona kuti miyezi yonseyi, pondipatsa kapu, sankaona ine. Ankaona malemu. Ine wamoyo, amene ndinkawauza ndi pakamwa panga chimene chikundipha, sanandimve.

Masana ndinakafukula dzenje la zinyalala ndi khasu. Mabotolo anali momwemo, atakwiriridwa ndi phulusa mosamala. Ndinasiya kuwawerenga. Limodzi ndinalitsuka n'kupita nalo kuchipatala. Namwino analitembenuza, n'kuwerenga.

"Njala ija ndi tulo tija, nazi," anatero. "Pepani, mwana wanga. Ndinkakuyesani wabodza."

Ndinalira pamenepo, pamaso pa azimayi onse a kusikelo. Munthu woyamba kundipepesa anali iyeyo.

M'mawa mwake ndinalongedza zovala za amayi. Sanatsutse, sanapepese. Anapempha kuti amubereke mwana mpaka pokwerera, ndinalola. Shapa itadzaza anamasula mwana n'kundipatsa, ndipo ali pawindo anati:

"Phala amalikonda litazizira pang'ono. Usamamuwotche."

Basi. Galimoto inanyamuka.

Lero ndimaphika ndekha, ndipo sindimwa chimene sindinathire ndi dzanja langa. Botolo langa la madzi ndimapita nalo kusukulu, ndimabwera nalo, silikhala pakhomo. Njala ija inatha patangopita masabata ochepa, tulo tam'kalasi tinathanso. Thupi likutsika, koma mwaulesi, osati monga ndinkalotera. Mwezi wina sikelo imaima, ine n'kumayang'ana mbale iliyonse ndi diso lokayika. Tensau yatsikako. Namwino akuti tikuyenda bwino.

Mwana ndimamusiya kwa mayi wina woyandikana nafe. Masiku oyamba ankakwawira kuchipinda chimene ankagona agogo ake, n'kumasuzumira kuseri kwa chitseko. Tsopano anasiya, ndipo kusiyako kumandipweteka kuposa kusuzumirako.

Bambo a mwana alipo. Anapepesa kangapo, anagwada ndithu. Koma tsiku lina ndikumanga kapulana, nsonga itafikanso kumbuyo, ndinawaona pagalasi akundiyang'ana. Sanali maso a munthu wokondwa. Anali maso a munthu amene akuganiza zimene akamve kuntchito.

Mwezi watha amalume anabwera kutauni kuno ndi katundu wochokera kwa amayi: thumba la nyemba ndi kabotolo ka uchi. Uthenga unali umodzi, wofunsa ngati ndikudya. Nyembazo ndinazitsuka katatu ndisanaphike, ngakhale ndikudziwa kuti munthu sangabise kanthu mu nyemba zouma. Uchiwo uli pashelefu, sindinautsegule. Kuutaya ndikulephera, kuulawa ndikulephera.

Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti olakwa anali awiri. Wina ankagula, wina ankathira. Wogulayo ankaopa kusekedwa ndi anzake. Wothirayo ankaopa manda. Ine ndinasunga woopa kusekedwa, ndimamuphikira, ndimamuchapira, n'kuthamangitsa woopa manda, amene anandibereka. Ndimadziuza kuti ndinachita zimenezi kuti mwana wanga asadzakule wopanda mayi. Koma kuti zitero, ine ndadzisandutsa wopanda mayi, iwo ali moyo ku Majaua konkuja, ndipo sanavomerebe kuti analakwa. Ndikawaitana mawa abwera, ndikudziwa. Chimene sindikudziwa n'chakuti ndingadzalandirenso kapu kuchokera m'manja mwawo.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, makamaka inu amene muli ndi amayi anu pakhomo, ndiuzeni zoona, musandinyengerere. Kodi ndinachita bwino kuwakweza shapa ija?