Ababa, Wigi ndi Nkhukundembo

Ababa anga anali woimba wa pakomboni pathu, pa famu ya fodya kufupi ndi Mvurwi. Mkati mwa sabata ankasonkhezera moto ku mabalani owumitsira fodya, koma Loweruka akaweruka ankatenga banjo yawo ya chigubu cha mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga, n'kukhala pa njerwa pakhomo. Nyimbo ankapeka okha, theka Chinyanja, theka Chishona, ndipo zonse zinali za anthu omwe tinkakhala nawo. Ukaterereka m'matope ababa akuona, unkadziwiratu kuti Loweruka uvinidwa. Ngakhale foromani ankayenda mosamala akamadutsa pathu.

Amayi ankaseka nawo nyimbozi mpaka tsiku la wigi. Anali atangoigula kumene, ndipo tinakwera ngolo ya thirakitala kupita kutauni. Tisanatuluke n'komwe pageti, mphepo inaizula, inakatera m'udzu, galu wa mlonda n'kuthawa nayo. Ababa sanatsike kukathamangitsa galuyo. Ndinangoona milomo yawo ikugwedera.

"Abambo ake, mungoyerekeza," anatero amayi.

"Ine? Ndikupempheratu ine."

Loweruka lotsatira komboni yonse inali kuimba za galu amene anapita ku tchalitchi atavala tsitsi la mayi wa bungwe. Amayi sanakalipe. Anangomanga duku, n'kumagwira ntchito zawo masabata atatu ngati palibe chachitika. Ifeyo ana tinachita mantha kuposa akanakalipa.

Mkazi wa manijala ankaweta nkhukundembo, zimene anzathu Achishona amati garikuni, ndipo panali yaimuna imodzi yaukali zedi. Tsiku lina masana, ine ndi amayi tikuchokera kumpopi, tinamva kukuwa. Tinapeza ababa ali m'mwamba mwa mtengo wa mango, banjo ili kumsana, nsapato imodzi ili pansi. Nkhukundemboyo inali kuzungulira mtengowo itatambasula mapiko ngati wapolisi.

"Amake mwana, igendeni!"

Amayi anatula ndowa, n'kukhala pansi bwinobwino.

"Tsikani muiimbire nyimbo. Mwina ivina."

"Si zocheza izi, mhani! Yandijompha kale!"

"Yakujomphani pati? Fotokozani bwino, ndimve."

Anatsika pokhapokha wosamalira dimba atabwera ndi tsache.

Lolemba m'mawa, m'shedi momwe azimayi ankasankha fodya, amayi anayamba chapansipansi:

"Mwamuna wanga ndi mkango, maiwe,
koma garikuni ikati gulugulu,
mkango uli mu mango."

Pofika masana shedi yonse inali kuvomera, ena akuwomba m'manja fodya ali pamiyendo. Mwezi usanathe nyimboyo inali itadutsa mafamu atatu. Woyendetsa kombi wina, amene sitinkamudziwa n'komwe, anaimika galimoto pamsewu n'kufunsa ababa ngati mkango uja anali iwowo.

Ababa ankati nyimboyo ilibe luso, n'njaifupi, ndiponso mkango sukwera mango. Koma pa ukwati wa mwana wa foromani anaimba nyimbo zawo zinayi, osaimirira munthu ndi mmodzi yemwe. Anthu ankangokuwa kuti, "Garikuni! Tikufuna garikuni!" Anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana kumwamba. Kenako ababa anakunga waya, nkhope ili gwa, n'kuyamba kudziimbira okha nyimbo yowanyoza. Fumbi linakwera mpaka padenga.

Pofuna kudzipulumutsa anawonjezera ndime yawo, yoti anakwera mumtengomo kukathyolera mkazi wawo wokondedwa mango. Amayi anaimirira pakati pa bwalo n'kufunsa mokweza, "Mango anji mu Juni?" Funsolo nalo linalowa m'nyimbo, ndipo ndi pamene anthu amakonda kwambiri mpaka lero.

Famu ija itagawidwa, tinayamba kukhalira maricho, maganyu a m'minda ya eni atsopano. Kuyambira pamenepo makolo anga amayendera limodzi m'maukwati, ababa pa banjo, amayi pa mawu, akukangana njira yonse. Chaka chatha mtsikana wina wa ku Harare anawajambula pa foni, n'kufunsa kuti anapeka nyimboyo ndani.

"Ine," anatero ababa msangamsanga.

Amayi anatsokomola.

"Chabwino, mawu ndi awo. Koma anakwera mtengo ndani? Ndikanapanda kukwera, akanaimba chiyani?"

Mtsikanayo anatembenukira kwa amayi.

"Lembani choncho, mwanangu," anatero amayi. "Kukwerako anakweradi bwino."